Magalasi Amene Anati a Eston Akuwodzera

Magalasi anafika pa weyahausi Lolemba pa 13 Januwale 2025, m'mabokosi awiri akuda. Weyahausiyo ili kummwera kwa Leicester, pafupi ndi msewu wa M1, ndipo imasunga chilichonse chimene munthu angagule pa foni ali chigonere: mapilo, maketulo, chakudya cha agalu, mababu. A Eston Chimwaza anali atagwirako zaka zisanu ndi zinayi, ntchito yotola katundu m'mashelefu n'kuika m'ngolo. Iwo anali ndi zaka 52. Mawondo awo anali ndi zaka zambiri kuposa pamenepo.

Chifukwa cha mawondowo, anali atalembetsa kuti aphunzire kuyendetsa fokolifiti, galimoto yonyamula katundu wolemera m'weyahausimo. Woyendetsa fokolifiti amagwira ntchito atakhala pampando. Maphunziro anali oti ayambe pa 3 Malichi, malo anali anayi, ndipo dzina la a Eston linali lachitatu. Zinthu ziwiri zokha n'zimene zikanawachotsa: maso osaona bwino, kapena mbiri yoti amawodzera pantchito.

Hazel, supavaiza wa shifiti ya m'mawa, anasankha anthu khumi oti ayesere magalasiwo, ndipo a Eston anali mmodzi wa iwo. Anali magalasi olemera pamphuno, okhala ndi kakompyuta m'mbali. Munthu akawavala ankaona weyahausi monga mwa nthawi zonse, koma pamwamba pake pankaoneka muvi wobiriwira ukuyandama m'malere, ukuloza shelefu yoyenera, ndi manambala onena kuti atole zingati. M'kati mwa felemu munali kakamera koyang'ana diso la wovalayo.

Amene anabwera kudzafotokoza zonsezi anali mtsikana wa ku yunivesite, wovala mpango wakuda kumutu, wophunzira za maso. Anati dzina lake ndi Rukhsana. Atawerenga dzina la a Eston pa baji anaima kaye.

"Muli bwanji, ankolo?" anatero, m'Chichewa chopindika ngati cha wansembe wachizungu.

A Eston anavula magalasiwo kuti amuone bwino.

"Ndili bwino, kaya iwe? Chichewa wachitenga kuti?"

Rukhsana anabwerera ku Chingerezi. Anati Chichewa amachimva koma pakamwa chimakana. Bambo ake anali a Issa, a butchala ya ku Spinney Hill.

A Issa ankadziwika ndi Mmalawi aliyense wa mu Leicester amene anadyapo mbuzi. Anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, anabwera ku England mu 1976, ndipo Chichewa chawo chinaima chaka chomwecho ngati wotchi yakufa, koma chinali cholondola. A Eston ankagula nyama kwa iwo mwezi uliwonse.

"Ndiwe mwana wa a Issa? Ndiye ndiwe mwana wathu," anatero a Eston. Anavalanso magalasi aja mosamala, ndi manja awiri, monga mmene munthu amalandirira mphatso.

Sabata yoyamba ntchito inathamanga. Panalibenso zoyang'ana pa sikana yam'manja, kamakina kamene kale kankawauza katundu woti atole. Muvi unkati kumanzere, a Eston kumanzere. Koma ikamakwana nthawi ya bureki, m'maso munkakhala ngati mwalowa mchenga. Masana mutu unkayamba kupweteka pamwamba pa nsidze. Poweruka, pa siteji ya basi yopita ku Beaumont Leys, nambala ya basi ankaiona pawiri, ndipo ankadikira kuti amve anthu ena akuitchula.

Tsiku lililonse poweruka Rukhsana ankaima pakhomo la chipinda chosinthira zovala, n'kumafunsa aliyense wotuluka.

"Maso ali bwanji lero, ankolo?"

"Ali bwino kwambiri, mwanangu."

"Mutu sukupweteka? Simukuona zinthu pawiri?"

"Ayi ndithu. Upereke moni kwa bambo."

Kumbuyo kwawo kunkabwera Kondwelani, mnzawo wa ku Chipata, yemwenso anali m'gulu la khumi lija. Iyenso ankayankha kuti ali bwino kwambiri. Akatuluka panja ankafinya maso ndi zala ziwiri.

"Ba Eston, manje maso yanu yafiira monga mwamwa kachasu."

"Yang'ana ako."

"Ine ni mphepo."

"Inenso ndi mphepo."

Mphepoyo inapitirira milungu itatu. Lamlungu lina ku tchalitchi a Eston anatambasula mkono wonse kuti aone buku la nyimbo, kenako anaimba ndime yachitatu mpingo uli pa yachiwiri. Akazi awo, a Maud, anaisunga nkhaniyo mpaka atafika kunyumba. A Maud ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo m'mawa uliwonse ankathira mankhwala m'maso mwa azungu okalamba. Diso lotopa ankalidziwa.

"Bambo a Sylvia, maso anuwa akhala ngati a munthu wosuta chamba. Amvano onse amakuyang'anani lero."

"Ayang'ane. Kuyang'ana salipira."

"Ndi magalasi a kuntchito aja. Mwamuuza mtsikana uja?"

A Eston anakhala pa sofa n'kuwongola mwendo wakumanzere, umene unkavuta kwambiri.

"Mayi a Sylvia, tamverani. Mwana wa a Issa wabwera ndi magalasi ake, akufuna digiri. Ine munthu wamkulu ndikaime pakhomo, anthu ali pomwepo, ndizinena kuti magalasi akowa akupweteka? Akalephera sukulu, ndikagula bwanji nyama kwa bambo ake? Ukadya kwa eni ake sunena kuti ndiwo zachepa mchere."

"Apa mchere sunachepe. Wakulowani m'maso."

"Chachiwiri, ndikangokomplena za maso, fokolifiti yapita. Kwatsala mwezi umodzi. Ndipirira."

"Kupirira kwanu n'kumene kunatha mawondowa," anatero a Maud, n'kupita kukavula nsapato za kutchalitchi.

Lachinayi pa 6 Febuluwale, Hazel anawaitanira mu ofesi yake shifiti ili mkati. Analowa ndi magalasi ali kumaso. Hazel anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zambiri, koma anali bwana. A Eston analeredwa ndi amalume awo, aphunzitsi a ku Ntcheu, amene ankati mwana wotong'olera maso wamkulu wayamba kale kuba. Choncho Hazel atangoyamba kulankhula, a Eston anazyolika n'kuyang'ana kapeti.

Hazel anati ntchito yawo inali yabwino, mwina yoposa ya wina aliyense. Koma panali vuto. Kakamera ka m'magalasi kankawerenga zikope, ndipo zikope zikatsika kwa nthawi, kompyuta inkalemba kuti munthuyo akuwodzera. Pa anthu khumi aja, dzina la a Eston linali pamwamba.

"Sindinagonepo pantchito," anatero a Eston, akuuza kapeti.

Kompyuta ya pa desiki inalira kuti tii. Hazel anayang'ana, kenako anawayang'ana iwo.

"Eston, yalemba panopa. Ndikulankhula nanu chonchi."

A Eston anazyolika kwambiri, poti tsopano bwana anali atakwiya pang'ono. Kompyuta inaliranso.

Hazel anapumira m'mwamba. Anati sangaike munthu wowodzera pa makina onyamula matani awiri. Dzina lawo lichoka kaye pa maphunziro a fokolifiti. Ngati pofika Lachisanu la sabata yotsatira sipapezeka chifukwa chomveka, malowo apatsidwa kwa wina.

M'basi a Eston anaganiza kuti makinawo anali anzeru kuposa mmene ankawaonera. Pakamwa pawo panati ali bwino, koma kakamera kanaona mchenga uja. Sanadziwe kuti kanauona bwanji. Anauza a Maud zonse, mwadongosolo, ndi kulira kwa kompyuta komwe.

A Maud anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nkhani ya mwana amakaitula kwa kholo," anatero. "Lamlungu tikupita kwa a Issa."

"Kukamunenera mwana?"

"Kukacheza. Inu muzikangoyankha zimene mwafunsidwa."

Nyumba ya a Issa inali pakati pa mzere wa nyumba zomatikizana za njerwa zofiira, khomo lake lotulukira pamsewu penipeni. Anafika masana, mvula ikuwaza. A Issa, amene anali ndi zaka 76, anawalowetsa m'chipinda chakutsogolo, anawalozera mipando, n'kuitana Rukhsana kuti abweretse tiyi ndi masamusa. Atabweretsa anamuuza kuti akhale. Anakhala pampando wa pakona, foni ili m'manja.

A Issa anadikira kuti aliyense amwe kaye. Kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwayenda bwanji, achimwene?"

"Tayenda bwino."

"Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino."

"Sylvia sukulu ku Nottingham?"

"Ikuyenda. Amangoyankha Chingerezi, koma ikuyenda."

"Matenda omwewo ndi kuno," anatero a Issa, osamuyang'ana Rukhsana. "Nanga ku Ntcheu, mvula?"

Anakamba za mvula ya ku Ntcheu, imene onse awiri anali asanaione zaka zambiri. Anakamba za mtengo wa feteleza, za maliro a Mmalawi wina wa ku Derby, za mawondo. Rukhsana anayang'ana foni, anaiika pansi, anaitenganso. Tiyi wachiwiri atathiridwa, a Issa anatsamira kutsogolo.

"Nanga m'thupimo?"

A Eston anayang'ana kapeti.

"Tilipo. Koma maso pang'ono."

"Pang'ono pa Chimalawi kapena pang'ono pa Chizungu?"

"Pa Chimalawi," anatero a Maud.

"Ndiye n'zoopsa," anatero a Issa. "Fotokozani."

A Eston anafotokoza. Ananena za mchenga, za mutu wa pamwamba pa nsidze, za basi ya manambala awiri, za ndime yachitatu. Ananena kuti zinayamba tsiku lachiwiri la magalasi. Ananenanso za Hazel ndi fokolifiti. Sanatchule dzina la Rukhsana ngakhale kamodzi.

Rukhsana anali ataika foni pansi.

"Ankolo! Ndakhala ndikukufunsani tsiku lililonse," anatero m'Chingerezi. "Tsiku lililonse mumati ali bwino kwambiri."

"Unkawafunsira pati?" anafunsa a Issa.

"Pakhomo, poweruka."

"Ali chiimire?"

"Inde."

"Pakhomo munthu aliyense amakhala bwino. Matenda amayamba akakhala pansi."

"Usadandaule, mwanangu," anatero a Eston. "Magalasi ako ndi abwino. Vuto ndi maso angawa, ndi akale. Ukalembe kuti ndi abwino."

"Magalasiwo si anga."

A Eston anaika kapu ya tiyi pansi. Panja galimoto inadutsa ikumwaza madzi.

"Si ako?"

"Ndi a kampani ina, sindikuwadziwa n'komwe eni ake. Ine ananditumiza kuti ndione ngati akupweteka anthu. Ntchito yanga ndi imeneyo basi."

"Ndiye ukalemba kuti akupweteka, sulephera?"

"Ndikalemba kuti sakupweteka pamene akupweteka, m'pamene ndingalephere. Sabata yatha ndinauza aphunzitsi anga kuti magalasiwa anthu achikulire akuwamva bwino kuposa achinyamata. Anadabwa. Akufuna ndikafotokoze pamsonkhano."

A Maud anatenga samusa ina.

"Mwamuthandiza mwana," anatero.

Rukhsana anadzuka n'kupita kukhitchini. Anabwera ndi paketi ya tiyi, n'kuwapatsa a Eston kuti awerenge timalemba ta kumbuyo. A Eston anaigwira pafupi, anaisunthira kutali, anatambasula mkono mpaka unatha.

"Mkono wafupika," anatero.

"Mkono uli bwino," anatero Rukhsana. Anafotokoza pang'onopang'ono, bambo ake akuthandizira mawu ena m'Chichewa. Muvi wa m'magalasi umaoneka ngati uli patali mamita awiri. Lebulo ya pabokosi imakhala pafupi, m'manja. Diso likachoka pa muvi kupita pa lebulo limayenera kudzikoka kuti lione pafupi, kenako kumasuka, kenako kudzikokanso, tsiku lonse. Kwa wachinyamata n'zosavuta kwenikweni. Munthu akapitirira zaka makumi anayi ndi zisanu, m'kati mwa diso mumauma, ndipo kudzikoka kulikonse kumakhala ntchito. Komanso munthu akamatsatira muvi amaiwala kuphethira. Mchenga uja unkachokera pamenepo.

"Ndiye makina aja sananame," anatero a Eston. "Anaona kuti ndatopa."

"N'zimene sindikumvetsa. Diso lotopa si diso logona. Ndipo kompyuta sinkalira masana, mutu ukamapweteka. Inkalira kwambiri m'mawa, Hazel akamalankhula ndi gulu lonse ntchito isanayambe."

"Mwina mzunguyo amatopetsa," anatero a Issa. "Achimwene, amalankhula nthawi yaitali?"

A Eston, amene nthawi yonseyi ankamuyang'ana Rukhsana m'maso poti anali mwana, anatembenukira kwa a Issa n'kuzyolika.

"Ayi, salankhula kwambiri."

Rukhsana anawayang'anitsitsa.

"Ababa, afunseninso china chake."

"Chiyani?"

"Chilichonse."

"Achimwene, mbuzi ya mwezi watha inali bwanji?"

"Inali bwino kwambiri," anatero a Eston, maso pansi, zikope zitatsika mpaka kutsala kampata kakang'ono.

"Inali yolimba," anatero a Maud.

Rukhsana anagwada pa kapeti n'kuyang'ana nkhope ya a Eston kuchokera pansi. Maso anali otsegula, ofiira, akumuyang'ana modabwa. Anaimirira n'kuwayang'ana kuchokera pamwamba, pamene pamakhala kakamera. Ankaoneka ngati munthu wogona m'basi.

"Mumatere nthawi zonse Hazel akamalankhula?"

"Ndizitani?"

"Kuyang'ana pansi."

"Nanga ndiyang'ane kuti? Ndi bwana."

Lachiwiri Rukhsana anawatengera ku chipatala cha maso cha pa yunivesite. Anawaika pampando, anawafunsa za ulendo, za a Maud ndi za mvula ya ku Ntcheu, kenako anawayeza. Patali maso ankaona bwino, zilembo zonse mpaka mzere wotsiriza. Pafupi ankafuna magalasi owerengera, monga anthu ambiri a msinkhu wawo. Woyendetsa fokolifiti amaloledwa kukhala ndi magalasi otero.

Lachinayi pa 13 Febuluwale analowa atatu mu ofesi ya Hazel. Rukhsana anapempha a Eston kuti avale magalasi a kampani, n'kuwafunsa dzina la msewu wa kwawo. Anayankha akumuyang'ana. Kompyuta inakhala chete. Kenako anapempha Hazel kuti afunse funso lomwelo. Hazel anafunsa. A Eston anayankha akuyang'ana kapeti. Kompyuta inalira.

Anabwereza, ndipo zinachitika chimodzimodzi.

Hazel anatembenukira kwa a Eston.

"Ndiye zaka zonsezi simundiyang'ana chifukwa mumandilemekeza?"

"Inde."

Tii.

"Ine ndinkaganiza kuti simundikonda."

"Ayi, bwana."

Tii.

"Vulani zimenezo," anatero Hazel.

Dzina la a Eston linabwerera pamalo achitatu tsiku lomwelo. Magalasi a kampani anawavula mpaka pamene padzapezeke njira yoti munthu wa magalasi owerengera aziwavala, ndipo anabwerera ku sikana yam'manja. Ntchito inachedwako. Mchenga unatha pasanathe sabata.

Rukhsana anachoka pakhomo paja. Anapempha kachipinda kokhala ndi mipando iwiri ndi ketulo, n'kuyamba kufunsa anthu asanu ndi anayi otsalawo atakhala pansi. Kondwelani atamwa tiyi ananena za mutu, za maso, za msana, za landilodi wake ndi za apongozi ake a ku Katete. Rukhsana analemba za mutu ndi maso. Msonkhano wa ku yunivesite uja anapempha kuti usunthidwe.

Maphunziro a fokolifiti anayamba pa 3 Malichi monga mmene anakonzera, ndipo a Eston anakhoza. Mpando wa fokolifitiyo uli pamwamba, moti munthu woima pansi mutu wake umalekeza m'chigongono cha woyendetsa. Tsiku lawo loyamba pa makinawo, Hazel anabwera kudzawauza mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, oti atsitse. Atangoyamba kulankhula, a Eston anazyolika mwaulemu monga mwa nthawi zonse, ndipo maso awo anagwera ndendende m'maso mwa Hazel.

Hazel anamaliza zimene ankanena. Anayamba kuchoka, kenako anabwerera.

"Mwasintha, Eston," anatero. "Masiku ano mukumayang'ana munthu m'maso."

A Eston anafuna poyang'ana pena, koma pansi ponse panali Hazel.

"Zikomo, bwana," anatero, n'kuliza injini.